Tayala Lodyekera Mkati

Anandilanda ntchito, anandilanda bokosi langa la masipanala, ndipo anandilanda dzina. Ntchito ndi masipanala munthu amapeza zina. Dzina ayi. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndikamati ndinapuma pa ntchito ya umakaniko anthu amaseka, amati amene amapuma ndi a imvi. Aziseka. Ine ndinagwira sipanala zaka khumi ndi chimodzi, ndinaisiya, ndipo sindidzaigwiranso pa galimoto ya munthu. Kupuma kwake ndi kumeneko.

Ndikulembera iwe Tadala, mwana wanga. Pano uli Sitandade 1, sungathe kuwerenga izi. Koma tsiku lina udzakwera minibasi kupita pa Boma, wina adzakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo ukadzatchula dzina langa adzati, "Oo, uja anatemberera galimoto uja." Ndikufuna udzakhale utamva kale kwa ine. Za ubwana wanga sindilemba, mulibe nkhani. Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2 bambo anga atamwalira, ndinalima mbatata zaka ziwiri, ndinatopa, ndinatsikira pa Boma.

Chaka choyamba mpaka chachinayi: pa mtengo wa a Ndau

Ntchito yanga yoyamba inali kwa a Ndau, mdala wina amene ankamata matayala pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Unyamata wawo wonse anathera ku Joni, m'galaja ya pa mgodi, ndipo anabwerako ndi chifuwa, bokosi lachitsulo la masipanala, ndi mtima wosafuna kubwereza mawu. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kugwira sipanala. Ntchito yanga inali kupopa ndi kumiza machubu m'beseni kuti ndione pobooka. Ndinkanyansidwa, ndipo ndinkawauza. Iwo ankangoti ngati ndatopa msewu uli apo.

Tsiku lina kunabwera dalaivala wa minibasi akulalata kuti a Ndau anamugulitsa tayala lowola, latha mwezi umodzi wokha. A Ndau anandiitana ine.

"Gwada. Lowetsa dzanja kuseri kwa tayala. Wamva chiyani?"

"Kwasalala."

"Nanga kunjaku?"

"Kudakali mano."

"Ndiye tayala lalakwanji? Laima mopendekeka, likuyendera mbali imodzi ngati nsapato ya munthu wa matewe. Ugule latsopano lero, lidyekanso pomwepo."

Kupendekeka kumeneko amakaniko timakutcha kemba. Ukaima kutsogolo kwa galimoto, tayala liyenera kuoneka ngati laima chilili. Mutu wake ukaweramira mkati kwambiri, kulemera konse kwa galimoto kumagwera m'mphepete mwa mkati, ndipo kumeneko ndi kumene kumadyeka. Choipa chake n'chakuti mbali imeneyo sioneka. Kuno kwathu munthu akafuna kudziwa ngati tayala lili bwino amalimenya theche, n'kuyang'ana kunja kwake ataimirira, n'kunena kuti likadali latsopano. Palibe amene amafuna kudetsa maondo.

Makina opimira analibe, ndipo pa Boma ponse panalibe. A Ndau ankapima ndi chingwe. Ankakankhira galimoto pa khonde la sitolo ina yotsekedwa, pamene simenti yake inali yosapendekeka, ndipo anali ataitsimikiza pogoneka botolo la madzi n'kuona pamene kampweya kaima. Ankamanga nati yachitsulo kunsonga kwa chingwe, n'kuchilendewetsa pambali pa tayala. Kenako ankapima ndi lula: kuchokera pa chingwe kufika pa limu, chitsulo chovekapo tayala, kumwamba, kuchokera pa chingwe kufika pa limu kumunsi. Manambala awiriwo akasiyana ndi mamilimita atatu kapena anayi, palibe mlandu. Akapitirira khumi, ankagwedeza mutu. Ukakonza kemba, ankati, usathamangire kulandira zikomo, kokanso chingwe china m'mbali mwa galimoto uone ngati matayala akutsogolo akuloza kumodzi, chifukwa ukagwedeza china, chinanso chimasuntha. Zimenezi ndinaziphunzira ndi makofi a m'khosi, ndipo sindidandaula.

Chaka chachinayi maso awo anayamba kuchita khungu, manambala a pa lula sankawaonanso. Anaganiza zobwerera kwawo ku Tsangano. Tsiku lonyamuka anakankhira bokosi lija kwa ine ndi phazi, nati ana awo onse ndi aphunzitsi, akalipatsidwa adzasungiramo misomali. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, ndinati zikomo Ndau. Anamwalira patatha zaka ziwiri. Ndi bwana yekhayo amene ndinganene kuti anali bwana.

Chaka chachisanu mpaka chakhumi: galaja ya a Mbewe

Ndinalowa ntchito pa galaja ya a Mbewe, m'mbali mwa msewu waukulu. A Mbewe sanali makaniko. Anayamba ngati kondakitala, anagula minibasi, anaigulitsa, anamanga mpanda wa malata n'kulemba chikwangwani. Ankavala ovololo yoyera, ndipo zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinaonepo dontho la oyilo pa ovololo imeneyo. Luso lawo linali pakamwa. Kasitomala akalowa ankamulandira ndi manja awiri, kumukhazika pa mpando, kumugulira chakumwa chozizira, ndipo munthu ankatuluka akukhulupirira kuti galimoto yake yagwiridwa ndi a Mbewe.

Inali nthawi imene anyamata obwera ku Joni anabweretsa fasho yotsitsa magalimoto. Aliyense amene wagula kagalimoto ankafuna kakhale pansi ngati kakukwawa. Kumene anazionako amagula masipuling'i aafupi opangidwira zimenezo, ndipo misewu yake ndi yosalala. Kuno njira inali imodzi: kuwadula ndi gilayinda. Iyi yokha ndiye ntchito imene a Mbewe ankaikonda kugwira okha, chifukwa imatulutsa moto ndipo anthu amaima kuonerera. Ankadula mizere iwiri ya sipuling'i mongoyerekeza ndi maso, mbali ina kutalika, ina kufupika, n'kupukuta m'manja n'kundisiyira ine. Galimoto ikatsika, mikono imene imagwira matayala imasintha kaimidwe, ndipo mitu ya matayala imaweramira mkati. Kuwongola zimenezo inali ntchito yanga.

Pali mabawuti apadera a ntchito imeneyi, okhala ndi kachotupa pakati, oti ukawazungulitsa tayala limaweramira uku kapena uku. Pa Boma sankapezeka. Tinkaitanitsa ku Limbe, kapena kutuma munthu wobwera pa basi kuchokera ku Joni, ndipo nthawi imene katundu wakunja anasowa m'masitolo, ngakhale ku Limbe kunalibe. Ndiye ndinkamasula shoki, n'kukulitsa bowo lakumwamba la bawuti kuti likhale lotalikirako, kuti tayala lithe kukankhidwa n'kuima bwino. Magetsi akazima, ndipo ankazima tsiku lonse, ndinkapala ndi tupa pamanja, bowo limodzi maola awiri. Ndikapeza pamene chingwe chavomera, ndinkamanga mwamphamvu n'kuwotcherera washa kuti bawuti lisatsetsereke likagunda dzenje. A Mbewe ankati ndimachedwetsa makasitomala ndi tizingwe tanga. Koma anthu anayamba kubwera kuchokera ku Balaka ndi ku Dedza akufunsa kuti wa chingwe uja ali kuti, chifukwa matayala awo ankatha chaka osadyeka. Akafunsa choncho, a Mbewe ankandigwira paphewa n'kunena kuti mwana uyu ndinamutola osadziwa ndi jeke yomwe. Ndinkangoyang'ana pansi. Ndinali nditakwatira amayi ako, iwe unali m'mimba, ndipo pakamwa ndinkatseka ngakhale kuti sindinabadwe wotseka pakamwa.

Chaka chakhumi ndi chimodzi, Ogasiti: galimoto yofiira

Jimu anali mlamu wawo wa a Mbewe, mlongo wa akazi awo. Anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anabwerako ndi galimoto yofiira, yotsika kale, ya matayala opyapyala ngati lamba. Pa mahampu a pa Boma ankadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, anyamata a kabaza akumupitirira n'kumamufunsa ngati akufuna amukankhe. Iye ankaona ngati akumusirira. Mwina ena ankamusiriradi.

Anabwera nayo pa galaja, ine n'kuganiza kuti akufuna ndimuwongolere. Ndinapima: mamilimita khumi ndi awiri. Ndinamuuza kuti ndiwabweza afike anayi. Anaseka, natulutsa foni, nandionetsa chithunzi cha galimoto ya ku Joni imene matayala ake anali atatambalala kumunsi ngati miyendo ya chule. Ankafuna zimenezo. Sankafuna kuwongola, ankafuna kuwonjezera.

Ndinamuuza kuti galimoto za m'zithunzizo amangoziimika pa chionetsero, saziyendetsa pa miyala ya ku Kasinje. Ndinamuuza kuti matayala sakwanitsa miyezi iwiri, ndipo adzadyekera mkati kumene iye sadzakuona.

"Matayala ndimagula ndine, aise," anatero. "Iwe unafikako ku Joni?"

Ndinakana kuigwira. A Mbewe ananditengera kuseri kwa mpanda n'kundifunsa kuti chikwangwani chili panjapo chalembedwa dzina la yani. Anati kasitomala akafuna galimoto yake iyende chagada, ife timaigadabuza. Anati ngati ndakula kwambiri, mtengo wa a Ndau udakalipo, ndikhoza kukakhala pansi pake.

Apa ndiye pali kulakwa kwanga, Tadala, ndipo sindikubisa. Ndinaigwira. Ndinapala mabowo ndi dzanja langa, ndinakankhira matayala mkati mpaka mamilimita makumi awiri ndi asanu, ndinamanga, ndinawotcherera mawasha bwinobwino. Ntchito inali yolimba koma yopusa. Jimu anajambula zithunzi, a Mbewe ataima pambali ndi ovololo yawo.

Chaka chomwecho, Okutobala, Lachisanu

Mlongo wake wamng'ono wa Jimu ankakwatiwa Loweruka. Ukwati unali wokadalitsira ku tchalitchi pa Boma, madyerero kwawo ku Kasinje, ndipo komiti inasankha galimoto yofiira kuti inyamule akwati. Lachisanu m'mawa Jimu anaibweretsa kuti tisinthe oyilo ndi kuitsuka. Nditamaliza oyilo ndinachita zimene ndimachita pa galimoto iliyonse: ndinagwada, ndinalowetsa dzanja kuseri kwa tayala lakutsogolo. China chinandibaya. Nditatulutsa dzanja, chala chinali chikutuluka magazi. Mphira inali itatha, mawaya ali pamtunda. Ndinapita mbali inayo, chimodzimodzi, ndipo kumeneko kunali katotupa ngati dzira.

Ndinawaitana onse awiri, ndinawaonetsa chala. Jimu anamenya tayala theche, nayang'ana kunja kwake kumene mano anali akadali akuthwa, nati tayala ili ndi latsopano. Ndinati agwade agwire yekha. Anali atavala buluku loyera. A Mbewe nawo sanagwade. Ndinawauza kuti msewu wotsikira ku Kasinje ndi wa makhota ndi miyala, kunsi kuja mu Okutobala nthaka imatentha ngati chiwaya, ndipo m'galimoto mukhala anthu asanu. Matayala a saizi imeneyo pa Boma panalibe, zimenezo tonse tinkazidziwa. Ndinati ndikhoza kubwereka mawilo wamba kwa mnzanga, ndiwongole kemba, pofika madzulo ikhala yoti n'kunyamula munthu. Jimu anandinena kuti ndikufuna galimoto yake ikaoneke ngati ya abusa pa ukwati wa mlongo wake. Anati maliboni anagula kale.

"Paka polishi matayalawo, utseke pakamwa," anatero a Mbewe. "Mawa lokha apirira. Lolemba tiona."

Ndinapaka polishi. Masana ndinapita kunyumba, ndinafotokoza zonse. Amayi ako anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati eni ake ndawauza, mbali yanga ndakwanitsa, zotsalazo ndi za pabanja pawo. Anandikumbutsa kuti nyumba ndi ya lendi ndipo iwe unali ndi chifuwa. Sankalakwa. Koma ine ndinkangoona mtsikana uja, amene ankabwera pa galaja kudzasiya chakudya cha alamu ake n'kumatipatsa moni tonse mogwada, atakhala kumbuyo kwa galimoto imene ndinaipotoza ndi manja anga.

Cha m'ma folo koloko ndinapita kunyumba imene anthu a ukwati anasonkhana. Nkhoswe ya mkwatibwi anali amalume ake, a Maseko, mphunzitsi wopuma. Ndinawapeza atakhala pa mipando ndi a komiti pabwalo, amayi akusenda mbatata ndi kusankha mpunga chapafupi. Munthu wanzeru akanakhala pansi, akanapereka moni kwa aliyense, akanatuma wina kuti akawanong'oneze a Maseko kuti pali mawu, n'kukalankhula nawo kuseri kwa nyumba. Zimenezo ndinkazidziwa. Koma ndinali nditapsa mtima kuyambira m'mawa, ndipo kuleza sindinaphunzire. Ndinaima chiimire pakati pa bwalo, ovololo ili yakuda, n'kunena mokweza:

"A Maseko, akwati akakwera galimoto yofiira ija mawa, mukawatola kuphedi."

Mipeni inaima. Mayi wina wachikulire analavula pansi nati ndibweze mawu amenewo msanga. Sindinabweze, ndinawonjezera kuti tayala liphulika ndithu, kaya mawa kaya mkuja. A Maseko anaimirira.

"Mwana iwe, pa ukwati sitilankhula choncho," anatero. "Tiye ukandionetse."

Galimoto inali panja pa mpanda, atayamba kale kuimanga maliboni. Mdala uja anayala mpango pansi, anagwada ndi buluku la suti, analowetsa dzanja. Anatulutsa msanga n'kuyang'ana chikhatho. Anabwerera pabwalo n'kulamula kuti akwati akwera galimoto ya mkulu wina wa mpingo, yakale, yotuwa, imene inkayenera kunyamula makeke. Jimu anachotsa maliboni yekha, anthu akuonerera.

Loweruka ndi Lolemba

Galimoto yofiira inapitabe ku Kasinje. Jimu anaiyendetsa yekha, patsogolo pa mdipiti wonse, wailesi ili pamwamba, kuti aliyense aone. Inatsika makhota onse, inadutsa miyala yonse, inafika. Lamulungu inabwerera. Tayala silinaphulike. Tayala lili ndi tsiku lake, ndipo palibe makaniko amene angalitchule.

Lolemba ndinapeza bokosi langa litatsekeredwa mu ofesi. A Mbewe anati ndawachititsa manyazi kwa apongozi awo, ndanyoza galaja imene imandidyetsa, ndipo ndine wansanje chifukwa mnzanga wa msinkhu wanga ali ndi galimoto pamene ine ndilibe ndi njinga yomwe. Ndinati chabwino, ndipatseni bokosi langa ndizipita. Anati chitsulo chilichonse chimene chagona m'galaja mwawo zaka zisanu ndi ziwiri ndi cha galaja, ngati ndili ndi lisiti ndibweretse. Lisiti ya bokosi limene a Ndau anagula ku Joni ine ndisanabadwe. Ndinawatukwana, ndipo zimene ndinanena sindilemba pano. Masabata atatu otsatira, pa Boma ponse ndinali wabodza amene anakweza mkwatibwi galimoto ya makeke.

Novembala

Linaphulika Lachitatu masana, pa msewu waukulu, chakumwera kwa Boma, pamalo osalala popanda ndi dzenje lomwe. Lakumanzere, la katotupa lija. Galimoto inagubuduka kawiri n'kukagona mu ngalande. Jimu anali yekha. Anathyoka mwendo pawiri, ndipo mpaka lero amatsimphina.

Nditamva, ndinamumvera chisoni, koma sindinama, ndinaganizanso kuti tsopano anthu aona kuti sindinali wabodza. Ndinali chitsiru. Pofika madzulo nkhani inali itatembenuka. Anthu ankati, kodi si uja ananena pagulu kuti mukawatola kuphedi? Si uja anauzidwa kuti abweze mawu n'kukana? Anadziwa bwanji? A Mbewe ankauza anthu nkhani ziwiri, kutengera amene akumuuza. Kwa amayi a ku tchalitchi ankati mwana uja pakamwa pake si pabwino, kwawo kumapiri kuja amadziwa zinthu. Kwa madalaivala ankati ndinasiya mabawuti osamanga dala nditadziwa kuti andichotsa. Galimotoyo anaikokera m'galaja mwawo momwemo. Mabawuti anga anali omangika, mawasha ali m'malo, tayala lili ndi mawaya panja ngati ndevu. Aliyense akanatha kugwada n'kuona. Anaiphimba ndi lona.

Taona mmene anandikolera. Tayala litapirira ndinali wabodza. Litaphulika ndinakhala mfiti. Panalibe chimene tayala limenelo likanachita choti ine n'kukhala makaniko amene anagwada n'kugwira.

Ndinayenda magalaja onse a pa Boma. Ena anali anzanga amene ndinkawabwereka chingwe ndi kuwaphunzitsa kuwerenga lula. Onse ankati luso lako tikulidziwa, koma makasitomala akuopa. Ndinayesa kukhala pansi pa mtengo wa a Ndau ndi masipanala atatu obwereka. Sabata yathunthu kunabwera wilibala imodzi. Ndikamadutsa pa siteji, maso anga n'kugwera pa tayala la minibasi monga mwa chizolowezi, dalaivala ankaima kutsogolo kwake n'kunena kuti usaliyang'ane aise, lili ndi ulendo. Ena ankanena moseka. Ena ayi.

Ndinapita kwa a Maseko, ulendo uno mwaulemu, ndinakhala pansi, ndinapereka moni. Ndinawapempha chinthu chimodzi: anene pagulu zimene dzanja lawo linagwira. Anandipatsa tiyi. Anati akudziwa kuti ndinapulumutsa mwana wa mlongo wawo, ndipo Mulungu akudziwa. Koma a Mbewe ndi mkamwini pabanja pawo, Jimu ali m'chipatala, ndipo iwo sangaime pabwalo n'kutsutsa mkamwini chifukwa cha munthu wakunja. Anati nkhani zimazirala zokha, ndipirire. Munthu woti anaphunzitsa zaka makumi atatu, amene ankakwapula ana chifukwa cha bodza. Tiyi wawoyo ndinamusiya pa tebulo.

Mu Januwale tinalephera lendi, tinatsikira kuno ku Bwanje kwa amayi ako. Ndine mkamwini, ndimalima mpunga m'munda wa apongozi, ndipo ndimakonza njinga za anthu pakhonde. Njinga sindiiwerengera ngati umakaniko.

Chaka chino, Juni

Tikupuntha mpunga, ndinaona pikapu yoyera ikuima pamsewu. Anatsika a Mbewe, atanenepa, atanyamula shuga ndi buledi. Anapereka moni kwa agogo ako mwaulemu wonse, anakunyamula iwe n'kunena kuti wafanana ndi ine. Kenako anandipempha tikalankhule pa galimoto.

Anati magalimoto otsitsa achuluka kuposa kale, ndipo amene anamulemba m'malo mwanga akungowononga. Makasitomala a ku Balaka anasiya kubwera. Ankafuna ndizipita Loweruka lililonse, ndizilowera khomo lakuseri, ndizigwira ntchito mkati mwa shedi eni magalimoto atachoka. Anati anthu sayenera kudziwa kuti ndine, poti mbiri ija idakalipo. Ananena zimenezi akundiyang'ana m'maso, ngati mbiriyo inagwa ndi mvula.

Ndinati ndibwera, koma poyamba tipite limodzi pa siteji ya minibasi Loweruka m'mawa, aime pamene amaimika za ku Balaka, anene kuti mabawuti anali omangika, kuti ndinawachenjeza iwo ndi Jimu Lachisanu lija, ndipo anandiuza kuti ndipake polishi. Mawu atatu okha. Akatero ndidzalowera khomo lakutsogolo.

"Mphwanga, zakale n'zakale," anatero. "Ukufuna ndikadzivule pagulu chifukwa cha nkhani imene anthu anaiwala?"

"Ngati anaiwala, khomo lakuseri n'la chiyani?"

Anati ndiganizire mwana, anati mtima wangawu udzandipha ndi njala, anatsegula chitseko cha pikapu.

Pikapu anali ataiimika mawilo atakhotera kumanja, ndiye mkati mwa tayala lakutsogolo munkaoneka bwinobwino popanda kugwada. Ndinaona mzere woyera wa mawaya, utali wa chikhatho changa, ndipo kumbuyo anali atakweza matumba asanu ndi atatu a mpunga oti akwere nawo phiri lonse lija mpaka pa Boma. Pakamwa panga panatseguka pokha, Tadala. Ndinamva mawu akubwera. Kenako ndinaganiza za iwe, kuti likaphulika m'makhota muja nditanena, sudzakhalanso mwana wa amene anatemberera galimoto imodzi, udzakhala mwana wa amene anatemberera ziwiri.

Ndinatseka pakamwa. Ndinati muyende bwino, bwana. Analiza injini, anapita.

Sindinamve kuti linaphulika. Sindinafunsenso. A Ndau akanakhala moyo akanandimenya khofi la m'khosi, ndipo akanakhoza. Ndakulembera ndi ichi chomwe kuti udziwe kuti pa zonse zimene anthu a pa Boma adzakuuze za bambo ako, choipa chenicheni chimene ndinachita ndi chimene iwo sakuchidziwa.